Dzina la Abambo Palibe pa Pulogalamu

3 Okutobala

Achimwene,

Muli bwanji kumeneko? Alamu ndi ana ali bwanji? Kuno tili bwino, kungoti kwatentha mpaka phula la mumsewu waukulu likumata kunsapato.

Ndikulemba kalata chifukwa pafoni sindingathe. Nyumba yathu mukuidziwa: munthu akatsokomola kukhitchini, wa kuchipinda amayankha kuti pepani. Maso a abambo afooka, makalata ndikuwawerengera ndine, koma makutu awo akadali a mnyamata.

Kwatsala milungu isanu kuti tsiku lokumbukira kubadwa kwa tauni yathu lifike, ndiye tauni yonse yayamba misala yake ija. Miyala ya m'mbali mwa msewu aipaka laimu, ana asukulu akuguba masana onse, a malipenga akuyeserera nyimbo imodzimodzi kuseri kwa ofesi yathu ya khonsolo, mpaka ine ndikumataipa motsatira ng'oma. Abambo nawo atulutsa lamba wawo wachikopa, uja wa kachikho koikamo mtengo wa mbendera. Amupaka polishi kawiri. M'mawa uliwonse akumazungulira nyumba atanyamula mtengo wa mopu, msana uli njo, kenaka n'kupita kwa mnzawo wometa uja, a Lumo, kukadzitama kuti sanapume. Chaka chino chikhala cha makumi atatu ndi chimodzi akutsogolera perete ndi mbendera, ndipo akumauza aliyense, ngakhale wobweretsa mkaka.

Achimwene, ine ndili ndi mantha. Chaka chatha simunaone. Pachitunda cha kutsidya kwa mlatho anadzandira, mbendera inapendekera mpaka kutsala pang'ono kukhudza pansi. Anthu anati ndi mphepo. Kunalibe mphepo, ndinali pomwepo. Adokotala ati magazi akuthamanga kwambiri, asamakhalitse padzuwa. Nditawakumbutsa anati, "Dokotala ameneyo ndinamunyamulapo ali ndi thewera." Inetu ndikayankhula ndimakhala mwana wa dzulo. Inu amakumverani. Chonde lembani kalata, nkhaniyi ithe tsikulo lisanafike.

Akutinso muwatumizire magolovesi oyera, akale aja achita chikasu. Ingotumizani, ndilibe mphamvu zokangana nawo.

Mlongo wanu.

12 Okutobala

Mlongo wanga,

Kalata yako ndalandira, zikomo. Tonse tili bwino. Wamng'onoyu mano awiri akutsogolo achoka, ndiye akumaseka ataphimba pakamwa. Alamu ako akupereka moni.

Usade nkhawa, nkhani ija ndakonza. Dzana ndalembera a Tcheya a komiti ya perete. Ndawafotokozera zomwe adokotala ananena, n'kuwapempha kuti chaka chino apeze wina wonyamula mbendera, abambo awapatse mpando mutenti pamodzi ndi akuluakulu. Umenewo ndi ulemu, si kuchotsa munthu ayi. Ndawauzanso kuti asatchule dzina langa, zioneke ngati maganizo a komiti. Abambo ukuwadziwa: akamva kuti zachokera kwa ana awo, mbenderayo akainyamula ngakhale chokwawa.

Iwe uli pafupi, uwakonzekeretse pang'onopang'ono. Uzitchula za kutentha, uziyamikira mthunzi wa mutenti. Pakamwa uli napo, unkandinamizira bwino kwa amayi tili ana.

Magolovesi ndinatumiza tsiku lomwe ndinawerenga kalata yako, ndisanaganize zonsezi. Akafika uwabise m'kabati.

A Lumo akadali ndi makina aja oluma m'khosi? Uwapatse moni. Undiuzenso ngati denga la kukhitchini linakonzedwa.

Mchimwene wako.

21 Okutobala

Achimwene,

Moni. Sindifunsa zambiri, mtima wanga suli m'malo.

Ndinkati mulembere abambo. Abambo, osati a Tcheya. Ndaganiziranso mawu anga, ndaona kuti sindinatchule woti mumulembere, ndiye mwina kulakwa kunayambira kwa ine. Kalata yanu ya kwa a Tcheya inafika Lolemba, ya kwa ine inafika Lachinayi. Masiku atatu amenewo ndi amene atipweteka.

Lolemba a Tcheya anandiitana muofesi mwawo. Anandionetsa kalata yanu n'kunena kuti, "Mwana wanga, ife takhala tikuopa kuiyamba nkhaniyi. Poti banja lavomereza, zatiphwekera." Achimwene, apa ndi pamene ndikanayankhula. Ndikanati banja silinakambirane, dikirani ndikafunse mwini wake. Sindinatero. Ndinene zoona, mumtima ndinapepukidwa. Anandifunsa kuti angalowe m'malo ndani, ine n'kutchula a Lumo, poganiza kuti abambo sangawawidwe kwambiri ikanyamulidwa ndi mnzawo wa zaka makumi anayi. Ndinapita ndekha kushopu kukawapempha. Anakana katatu. Anati, "Ine mwana wanga ndimadziwa sizasi, za mbendera ndi za bambo ako." Ndinalira, ndinawauza za adokotala, ndinawalumbiritsa kuti asanene kuti ndinabwera. Anavomera chifukwa cha misozi yanga. Kenaka ndinabwerera kuofesi n'kutaipa pulogalamu. Dzina la abambo ndinalichotsa ndi zala zangazi.

Ndinati ndiwauza madzulo. Madzulo ndinati mawa. Lachitatu pulogalamu inamatidwa pakhomo la khonsolo, ndipo mayi wa pagolosale anawauza abambo atapita kukagula sopo. Akuti ankayesa kuti akudziwa kale.

Sanabwerere kunyumba, analunjika kushopu ya a Lumo. Munali anthu asanu ndi mmodzi. Ndamva kwa atatu, onse akunena zofanana. Abambo anaima pakhomo n'kuti, "Zaka zonsezi umandimeta uku diso lili pa lamba wanga?" A Lumo anangoti, "Khalani pansi achimwene, tikambe." Ndiye abambo ananena mawu amene ndikuchita manyazi kulemba. Anati, "Munthu woti mwana wake ali kundende anyamule mbendera ya dziko?" Mukudziwa kuti za mwana uja palibe amazitchula m'tauni muno, ndipo ndi abambo omwewa amene ankawaperekeza a Lumo kukhoti. Akuti a Lumo anapitiriza kumeta munthu amene anali pampando, koma sizasi ikungophonya, mpaka munthuyo anapempha kuti adzamalize mawa.

Magolovesi anafika tsiku lomwelo. Wa positi anawapatsa abambo m'manja, ine ndili kuntchito. Ndinawapeza atakhala pakhonde, phukusi lili pamiyendo. Anati, "Waona? Mwana wanga wamwamuna yekha ndiye amandiwerengera." Ndinalowa m'bafa n'kutsegula mpopi kuti asandimve.

Denga linakonzedwa. Tichite chiyani? Yankhani msanga.

Mlongo wanu.

30 Okutobala

Mlongo wanga,

Kalata yako ndinaiwerengera kuntchito, m'chipinda chosinthira zovala, ndipo nditamaliza chakudya changa ndinapatsa mnzanga.

Usadziimbe mlandu wekha. Sikuti sindinamve zomwe unkatanthauza. Ndinamva bwinobwino. Kalata ya abambo ndinaiyamba kawiri, kawiri konse ndinang'amba. Munthu woti watha zaka zisanu ndi chimodzi osaponda kwawo angayambe bwanji kuuza bambo ake kuti mwakalamba? Kulembera a Tcheya kunali kosavuta, chifukwa a Tcheya sangandifunse kuti ubwera liti.

Komabe taganiza. Tikawauza tsopano, apita kukomiti, akalanda mbendera, n'kukagwa pachitunda paja tauni yonse ikuona. Ndiye tidzakhala titapweteka a Lumo pachabe. Tiye tipirire, tsikulo lidutse. Mkwiyo wa abambo suchedwa kuzizira, ukukumbukira mmene anakhululukira aneba aja za mbuzi. A Lumo ukawapepese m'malo mwanga.

Kubwera sinditha. Ng'anjo za kufakitale kuno sizizima pa tsiku la chikondwerero, ndipo tchuthi changa ndinatenga kale pamene alamu ako anadwala. Ukhoza kunena kuti ndi chonamizira. Mwina theka lake ndi chonamizira.

Undilembere zonse za tsikulo, usandibisire.

Mchimwene wako.

9 Novembala

Achimwene,

Mwati ndisakubisireni, ndiye werengani mutakhala pansi. Moni kwa alamu ndi ana.

Chichitikireni zija abambo sanamete. Ndevu zamera zoyera mbee, chifukwa m'tauni muno wometa ndi mmodzi, ndipo akuti malezala a kugolosale ndi a anyamata. M'mawa akamwa tiyi akumakhala pakhonde mpaka dzuwa liwathamangitse. A Tcheya anabwera kudzawafotokozera kuti komiti inaganizira za miyendo yawo, iwo sanawapatse n'komwe mpando. A Lumo ndinakawapepesa. Anati, "Palibe kanthu mwana wanga, bola ali moyo," n'kuyamba kupukuta galasi loyera kale. Sanandiyang'ane.

Dzulo tauni inalawirira. Pofika sikisi koloko aliyense anali atakoloweka kambendera pageti, ngakhale aneba athu aja amene amatukwana boma chaka chonse. Ogulitsa ayisikilimu ndi madzi ozizira anali atalanda kale mithunzi yonse ya mumsewu waukulu. Ana asukulu anafola pasiteshoni ndi masokosi oyera, aphunzitsi akuwawaza madzi kumaso. Galimoto ya ozimitsa moto anaitsuka mpaka kunyezimira, koma inakana kulira, anachita kuikankha a kubutchala, maepuloni ali m'chiuno. Wa famase, wogulitsa mankhwala uja, anatseka shopu n'kuvala mamendulo a malemu bambo ake. Zonse monga mwa chaka ndi chaka.

Ine ndinawasitira abambo suti yoyera ija, ndikuti mwina apita kutenti, poti mpando wawo unali ndi dzina, ndinalemba ndine. Anaiyang'ana n'kuti, "Ndikakhale mumthunzi ndizikaomba m'manja?" Anatseka makatani onse.

Perete amadutsa pageti pathu, mukudziwa. Cha m'ma naini tinamva ng'oma, ine n'kusuzumira pampata wa katani. A Lumo anali kutsogolo, atavala jekete lobwereka, mtengo wa mbendera atautsamiritsa pamimba chifukwa lamba abambo anakana kupereka. Thukuta linali chuchuchu. Atafika pageti pathu anachepetsa mayendedwe n'kuyang'ana kukhonde. Kunalibe munthu. A malipenga anatsala pang'ono kuwagunda kumbuyo, ndiye anapitirira. Abambo anali pampando atafulatira zenera, koma phazi lawo linkaponda motsatira ng'oma. Sindikhulupirira kuti ankadziwa.

Masana, anthu onse atalowa m'bwalo la mpira kukamvera zoyankhula za akuluakulu, ndinamva chitseko chikutseguka. Abambo anali atavala suti, magolovesi anu, ndi lamba uja, kachikho kali kopanda kanthu. Ndinati, "Abambo, dzuwa limeneli?" Anati, "Akuti miyendo yanga yatha. Ndikufuna ndimve kwa miyendoyo."

Anakayambira pasiteshoni pomwe perete amayambira. Ine ndinkatsatira chapatali ndi botolo la madzi, ngati wakuba. Msewu unali zii, mutangotsala timapepala ta maswiti ndi timbendera tothyoka. Anadutsa positi ofesi, famase, shopu ya a Lumo osatembenuza khosi, n'kuwoloka mlatho. Pachitunda paja ine ndinayamba kupemphera. Anakwera, achimwene. Pang'onopang'ono, koma sanadzandire ngakhale kamodzi. Oonerera anali agalu ndi agogo awiri amene anatsala pakhonde. Gogo mmodzi anaimirira n'kuvula chipewa.

Atafika pageti la bwalo sanalowe. Anaima, n'kutembenuka, n'kunditambasulira dzanja kuti ndiwapatse madzi. Ankadziwa kuti ndili kumbuyo. Atamwa anati, "Ukawauze a kuofesi kwanu zimene waona. Iwe ndiwe mboni yanga."

Mboni yawo ine. Ndinangoti chabwino.

Chakumadzulo anthu ankaotcha nyama m'makomo, mawailesi akulira paliponse, ana akuthamangitsana ndi nkhope zopaka utoto. Kwathu kokha ndiko kunali duu. A Lumo sanakhale nawo paphwando la komiti, anabweza mbendera kuofesi n'kupita kwawo. Akazi awo andiuza lero kuti akuganiza zotseka shopu, akakhale kwa mwana wawo wamkazi, kutali. Akuti aliyense akalowa kudzameta amangoyang'ana pansi, ndipo iwo amadziwa kuti akukumbukira mawu aja.

Tsikulo ladutsa, mkwiyo sunazizire, ndipo tikuoneka kuti tinawachotsa pachabe. Ine sindingathenso kudya nawo patebulo limodzi akunditcha mboni. Lembani kalata, ya abambo tsopano, woti mumulembere ndamutchula. Mukapanda kulemba ndiwauza ndekha, koma ndikudziopa. Ndikhoza kuyamba ndi zanu n'kuiwala zanga.

Mlongo wanu.

17 Novembala

Abambo,

Ndikupereka moni mwaulemu. Ine, mpongozi wanu ndi zidzukulu zanu tili bwino.

Ndili ndi mlandu kwa inu. Amene anakuchotsani pa mbendera si a Lumo, sinso komiti. Ndine. Nditamva zomwe adokotala ananena ndinalembera a Tcheya mwamseri, n'kuwapempha kuti abise dzina langa. Magolovesi amene munandiyamikira nawo ndinatumiza sabata yomweyo. A Lumo sanafune, anachita kukakamizidwa, ndipo anakhala chete kuti inu musadane ndi mwana wanu. Mlongo wangayo sakudziwa chilichonse, anangotaipa zimene anapatsidwa.

Ndinkaopa kuti mugwa. Koma ndinkaopanso inu, n'chifukwa chake ndinadzera kuseri. Mundikalipire mmene mungafunire, ndimva. Koma chonde pitani kwa a Lumo asanasamuke.

Mwana wanu.

28 Novembala

Mwana wanga,

Moni kwa iwe ndi banja lako. Ukaona zilembo zachilendo usadabwe. Akulemba ndi a Lumo, ine ndikunena. Ndawauza kuti alembe chilichonse, ngakhale chowakhudza.

Kalata yako anandiwerengera mlongo wako. Atafika pamene ukuti iye sakudziwa kanthu, anaima, n'kuipinda, n'kundiuza zake ndi pakamwa pake. Ndiye bodza lako lomalizalo silinagwire, ndipo usadzayesenso. Sindinamukalipire. Tikuyankhulana, kungoti masiku ano tiyi ndikudzipangira ndekha, ndipo kalata iyi sindinafune kuti alembe iye. Zidzatha, koma osati sabata ino.

Tsopano tamvera. Pachitunda paja tsiku lija ndinaona mdima. Mlongo wako anali kumbuyo, nkhope yanga sanaione. Ndinkawerenga mapolo a magetsi kuti ndisagwe, pomwe m'manja ndinalibe kanthu. Ndikanakhala ndi mbendera sindikanafika. Ndiye za miyendo munalondola. Mukanandifunsa ndikanakana, ndikanakutukwanani nonse awiri, mwina ndikanakagwa pamsewu. Koma ukanakhala mkangano wa ine ndi ana anga, m'nyumba mwanga. Inu munandisiya ndikalume munthu wosalakwa.

Komabe pakamwa panali panga. Inu munachotsa dzina papepala, koma mawu a mwana wa kundende palibe anandilembera. Ndinawasunga ndekha zaka zonsezi osadziwa kuti ndawasunga. Ndinawanena pamaso pa anthu asanu ndi mmodzi, ndiye Loweruka ndinadikira kuti shopu idzaze n'kupepesa pamaso pa anthu khumi. Anandiyankha kuti zatha. Akulemba panowa akudziwa kuti zoterezi sizitha ndi liwu limodzi.

Za kusamuka ndawafunsa kawiri, sanandiyankhe. Mwina asintha maganizo.

Tchuthi chako chikakwana ubwere. Usatumize kanthu, ubwere iweyo.

Bambo ako.

Ndiwonjezere pang'ono ine Lumo wolemba, bambo ako atuluka kukapitidwa mphepo. Ndevu ndawameta. M'shopu muno muli mpando wa pazenera umene akhala akukhalapo zaka makumi anayi, palibe kasitomala amaukhudza. Chipepesereni akubwera m'mawa uliwonse, koma akumakhala pabenchi pamodzi ndi odikira kumetedwa. Ndawauza kuti mpando ndi wawo. Akuti sanafike poukhalanso.

Ine ndinawakhululukira, usakaike. Koma akazi anga amanga kale makatoni, shopu wina watenga, galimoto ibwera pa 15 mwezi wa mawa. Ndinkafuna kuwauza lero. Ndawaona pabenchipo, chipewa chili pamaondo, ndalephera.